Mlandu wa Kusagwa

M'ufumu wa Sindine mulibe tsoka lamasiye. Denga likadontha, mbuzi ikasokera, mlatho ukapita ndi madzi, lamulo limati mwini wake wa tsokalo apezeke sabata isanathe. Ndipo amapezekadi. Chodabwitsa n'chakuti chikhazikitsireni lamuloli, mwini tsoka sanapezekepo mu ofesi ya kapeti. Nthawi zonse amakhala munthu woyenda pansi, kapena wa pa njinga.

Tobiyasi Chimbalanga anali wa pa njinga. Anali katswiri wolembedwa ntchito ndi timu ya Mwera, ndipo anakhala akupalasa m'mipikisano kwa zaka khumi ndi zinayi osapambanapo n'kamodzi komwe. Sanalembedwere kupambana. Ntchito yake inali yotunga madzi: anzake akamva ludzu, iye ankatsalira m'mbuyo mpaka pa galimoto ya timu, n'kulonga mabotolo m'malaya, kenako n'kupalasa ngati wathawa njuchi kuti awapezenso. Akagawa madziwo ankapita kutsogolo kwa mtsogoleri wa timu, Elifala Dzimbiri, kukam'tchingira mphepo. Pofika kumapeto miyendo inkakhala itatha, ndiye ankafika anthu akupinda kale mipando.

Mkazi wake Jesitina, amene ankagulitsa majekete a kaunjika mumsika wa Tamvakale, ankauza anzake kuti anakwatiwa ndi munthu wothamangitsa anzake chaka chonse koma sanagwirepo ndi mmodzi yemwe. Tobiyasi sankakwiya nazo. Ntchito yake ankaikonda, ndipo Elifala akapambana, iye ankagona tulo tabwino ngati wapambana ndi iye.

Mpikisano waukulu wa chaka unali wa Chikho cha Mfumu. Kuyambira kale unkathera pa bwalo lamasewero, pamsewu woongoka ndi wotakasuka. Koma chaka chimenecho Mfumu Wosalakwa Wachitatu inadandaula kuti masitepe a pabwalopo akuipweteka mawondo. Nduna ya Zikondwerero, a Kongoletsani, amenenso anali mlamu wa mfumu, anati ngati mfumu singapite ku mpikisano, mpikisano upite kwa mfumu. Mzere womaliza unasamutsidwira pachipata cha nyumba yachifumu, kumunsi kwa mtsetse wa Gwiritsa, munthu akangokhota kona yakuthwa ngati chigongono.

Elifala analemba kalata m'malo mwa opalasa onse, kunena kuti anthu 61 sangatsike mtsetse umenewo pa liwiro la mpikisano n'kukhota pamodzi. Yankho linabwera la mzere umodzi, loti akatswiri enieni saopa kona.

A Kongoletsani sanalekere pomwepo. Phula lakuda anati silikugwirizana ndi ulemerero wa pachipata, choncho analamula kuti kona yonseyo ipakidwe penti wa oyilo, wachikasu ndi wobiriwira. M'mawa wa tsiku la mpikisano anatumiza anthu ndi ndowa kuti akatsukepo ndi sopo wa ufa, pazinyezimira pa kanema. Mfumu itatuluka inayang'ana n'kunena kuti, "Apa ndiye pakongola." Mlembi anawalemba mawuwo m'buku la zonena za mfumu, ndipo mawu akalowa m'buku limenelo, kuwatsutsa n'kuukira dziko.

Tsikulo kunatentha. Kutatsala makilomita khumi, Elifala anati kukhosi kwake kwauma, ndiye Tobiyasi anatsalira kukatenga madzi. Pamene ankafika pamwamba pa Gwiritsa, mabotolo asanu ndi anayi ali m'malaya ngati mayi wobereka mapasa, gulu lonse linali litatsika kale. Anamva phokoso kumunsi, ngati mulu wa malata wagwa kuchokera pa lole, kenako ng'oma za amayi ovina zinasiya.

Atafika pakona anapeza njinga zili pamwamba pa anthu, anthu ali pamwamba pa njinga, ena atakodwa m'miyendo ya mipanda yachitsulo. Anagwira mabuleki, natsika. Nsapato yake itangoponda pa penti inatsetsereka, ndipo anamva fungo la tsiku lochapa. Anayenda mokwawa pakati pa anzake akuwamwetsa madzi ndi kuwatsuka mabala, mpaka anapeza Elifala atagona chagada, atagwira phewa, nkhope ili mbuu.

Tobiyasi anafuna kumunyamula, koma Elifala anakana.

"Tobi, mzere ndi uwo. Tenga njinga uwoloke, timu ingabwerere chimanjamanja."

Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina woimirira. Anatola njinga yake n'kuyenda nayo chokankha, mapazi akuwaika mosamala ngati wowoloka mtsinje pa miyala, mpaka anadutsa mzere. Umu ndi mmene Tobiyasi Chimbalanga anapambanira Chikho cha Mfumu.

Mfumu inam'patsa chikho ndi dzanja lake, n'kumufunsa ngati mpikisano umatha chonchi chaka chilichonse, chifukwa yasangalala nawo. Ku Tamvakale, Jesitina anavina atamanga jekete m'chiuno. Tobiyasi mtima unkakoma mbali imodzi, mbali ina manyazi. Mawa lake anapita ku chipatala kukaona anzake, chikho atachidzaza nthochi kuti chioneke ngati chiwiya wamba.

Chikondwerero chinatha tsiku lachitatu. Ufumu woyandikana nawo wa Tiuzeni, umene opalasa ake asanu ndi awiri anabwerera kwawo ndi zikhakha, unatumiza kazembe ndi funso limodzi: wagwetsa ana athu ndani? Kazembeyo anati sachoka asanamve dzina, ndipo likapanda kumveka, palibe mlendo adzapalasenso ku Sindine.

Mfumu inaitanitsa nduna zake, ndipo msonkhanowo unaulutsidwa pa wailesi. Tobiyasi anaumvera ali pa benchi ya mkazi wake, akudya nzimbe, anthu a mumsika atazungulira wailesi ya wogulitsa mabatire.

Nduna ya Misewu, a Mawatikonza, inati msewuwo uli pomwepo kuyambira nthawi ya agogo a mfumu, sunasunthepo, ndipo ndi njinga zimene zinaupeza. Nduna ya Masewero, a Sindinaliko, inati vuto ndi opalasawo: amathamanga kwambiri, ndipo palibe akudziwa kumene akuthamangira. Anapempha kuti pakhale lamulo loti wopitirira liwiro pa mpikisano azimangidwa. Mkulu wa apolisi anati mipanda yachitsulo inaima phee pamalo pake, ndiyo inagundidwa, ndipo ngati pali wodandaula pamlanduwu ndi mipandayo. Wina anatchula mphepo, koma mphepo inapezeka kuti tsikulo inali kwina.

Za penti ndi sopo palibe anatchula, ngakhale mumsika monse ankadziwa, poti makatoni a sopoyo anagulidwa momwemo. Mayi wina wogulitsa tomato anangoti khoswe akakhala pamkhate sapheka, n'kupitiriza kuwaza madzi tomato wake.

Kenako pa wailesi panamveka mawu a a Kongoletsani, odekha ngati a m'busa. Anati nduna zikufunafuna patali chinthu chimene chili pafupi. Anthu 60 anagwa, mmodzi sanagwe. Kodi mmodziyo ankadziwa chiyani chimene anzake sankadziwa? Nanga chikho chili kwa yani?

Tobiyasi anasiya kutafuna. Anthu onse anatembenuka kumuyang'ana, osati mwankhanza, koma mmene anthu amayang'anira nkhuku alendo akafika pakhomo.

Anamuitana ku bwalo lamilandu Lachinayi. Asanalowe, mlembi wa bwalo, bambo wa imvi dzina lake Ndalemba, anam'tengera pambali n'kumuchenjeza. Anati akangotchula penti ndiye kuti watsutsa mawu a m'buku la mfumu, ndipo chilango chake n'kuthamangitsidwa m'dziko, mkazi wake n'kulandidwa benchi mumsika. Ananena izi akupukuta magalasi, osamuyang'ana m'maso.

Elifala anabwera dzanja lili m'chikhakha, atakonzeka kufotokoza zonse. Koma woweruza wamkulu, a Zatheka, anagamula kuti munthu amene anamenyetsa mutu pansi umboni wake ngosadalirika. Popeza onse amene anali pakonapo anagwa, kupatula woimbidwa mlandu, bwalo linapeza kuti mboni palibe, zimene zinafupikitsa ntchito.

A Zatheka anafunsa Tobiyasi chifukwa chake anali kumbuyo. Iye anati ndiko amagwirira ntchito. Anamufunsa chifukwa chake anagwira mabuleki. Anati anaona anzake ali pansi.

"Ndiye kuti munawaona ndi maso anu ali pansi, inu n'kusankha kukhala choimirira?"

"Sindinasankhe bwana. Ndinangoima."

"Mlembi, lembani kuti wavomera."

Ndalemba analemba. Tobiyasi anayang'ana kumene kunakhala mkazi wake, mawu oti sopo ali pamlomo penipeni, koma anakumbukira benchi, ndi mwana wawo Lute amene anali atangoyamba sekondale, n'kuwameza.

Woweruza anatsekula buku lalikulu la malamulo n'kuwerenga ndime yakale imene anthu anali ataiwala. Ndimeyo imati tsoka likagwera onse osasiyako ndi mmodzi yemwe, limenelo n'la Chauta, ndipo Chauta saitanidwa ku bwalo. Choncho, anatero a Zatheka, akanagwa onse 61, dziko likanakhala ndi yankho labwino lopatsa kazembe. Amene wasokoneza yankholo ndi Tobiyasi. Anapezeka wolakwa pa mlandu wodzipatula pa tsoka la fuko, ndipo chilango chake chinali choti agwe. Loweruka masana, pamaso pa mfumu ndi kazembe, atsike Gwiritsa pa liwiro la mpikisano n'kugwa pakona pomwepo, kuti chiwerengero chikwane. Akapanda kugwa, alandidwa njinga ndi chikho, ndipo sadzapalasanso mpikisano moyo wake wonse. Mfumu inasaina chigamulocho n'kudindapo chidindo.

Ku Tamvakale anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, koma Tobiyasi sanaseke. Anali ataona phewa la Elifala, ndiponso mnzake wina amene madokotala ankakayika ngati adzayendenso bwino. Mafupa a munthu wa zaka 36 salumikizana msanga. Komabe moyo wopanda njinga sankaudziwa. Anafunsa Jesitina ngati angothawira ku Tiuzeni, mkaziyo n'kumuyankha kuti kumeneko dzina lake lafika kale, ndipo amayi a opalasa asanu ndi awiri aja akumudikira.

Lachisanu lonse Elifala anakhala akumuphunzitsa kugwa pa mchenga wa kuseri kwa tchalitchi. Anati asatsogoze dzanja, chibwano achipanikize pachifuwa, njinga aisiye ipite yokha. Anati iye wagwapo kakhumi ndi kawiri, ndipo sankadziwa kuti tsiku lina luso limeneli lidzafunika. Atapuma anamuuza motsitsa kuti mlanduwu wabwera chifukwa cha mawu ake aja, oti awoloke mzere. Tobiyasi anati asamatero, akanakhala iye pansi akananenanso zomwezo.

Loweruka m'mawa Jesitina anamasula belo n'kumuveka majekete asanu, lina pamwamba pa linzake, ndi mabuluku awiri a jinzi. Pomanga zipi yomaliza anamulangiza.

"Bambo a Lute, mugwere kumanzere. Lachikopa lili pamwambali lili ndi kasitomala kale, ndipo thumba labwino ndi lakumanja."

Mzinda wonse wa Lozachala unasonkhana pachipata. Mfumu inakhala pansi pa ambulera, kazembe ali pambali pake ndi kabuku. A Kongoletsani anaima pa nsanja ndi chinkuzamawu, n'kulankhula kwa ola lathunthu za chilungamo cha ku Sindine chimene sichiona nkhope.

Tobiyasi anakwera Gwiritsa, napemphera, nayamba kutsika. Anali atatsimikiza mtima kuti agwa. Mphepo inalira m'makutu, chikasu ndi kubiriwira kwa penti kukumuyandikira. Koma penti uja anali atakhala padzuwa sabata yathunthu, atauma gwa, fumbi litakhalapo. Matayala anagwira. Thupi limene linaphunzira kukhota kwa zaka khumi ndi zinayi linapendekeka lokha, bondo kunja, maso kutsogolo, ndipo anadzazindikira wadutsa kale mzere ali pampando. Anthu anaomba m'manja, kenako anakumbukira kuti sanabwerere zimenezo, n'kusiya.

A Zatheka analamula kuti abwereze. Anakweranso mtundawo ndi majekete asanu, thukuta likutsikira m'nsapato. Ulendo wachiwiri anatsinzina pofika pakona, koma manja anakhota okha. Ulendo wachitatu anawonjezera liwiro mpaka Jesitina anabisa nkhope m'chitenje, ndipo anakhota mokongola kuposa mmene anakhoterapo pa moyo wake. Elifala anamveka akudandaula kuti munthuyu akanamapalasa chonchi kale, bwenzi akutunga madzi ndi ena.

Mfumu inayamba kuyasamula. Kazembe ankangolemba. A Kongoletsani anaona kuti yankho lawo labwino likuthawa, mtima unawapsa, natembenukira kwa antchito awo. Anaiwala kuti chinkuzamawu chili m'manja.

"Angagwe bwanji pouma chonchi? Thamangani mukatenge ndowa ndi sopo uja, mutsukepo monga tinachitira tsiku lija."

Mawuwo anatuluka m'masipika onse, kuyambira pachipata mpaka ku Tamvakale. Kunagwa bata loti munthu akanamva tcheni cha njinga ya Tobiyasi chikulira. Kazembe anakweza mutu n'kufunsa mwaulemu ngati anali sopo wa ufa kapena wamtanda, kuti alembe bwino.

"Wa ufa," anayankha amayi angapo pamodzi m'khamumo.

Mfumu Wosalakwa Wachitatu inayang'ana mlamu wake. Kenako inaitanitsa buku la zonena zake, n'kufotokoza kuti tsiku lija sinanene kuti pakongola, inafunsa. Mlembi anafufuta mpumiro n'kuikapo chizindikiro cha funso, mawuwo n'kukhala akuti, "Apa ndiye pakongola?" Nduna zonse zinagwedeza mitu, zikuti zinamvadi kukayika m'mawu a mfumu kuyambira tsiku lomwelo.

Chilango cha a Kongoletsani chinalengezedwa nthawi yomweyo, ndipo chinali chowawa: anatumizidwa kukakhala kazembe ku dziko lakutali la m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndi galimoto ziwiri zokha. Sopo wa ufa analetsedwa mu ufumu wonse mpaka atafotokoza mbali yake.

Tobiyasi anayamba kumasula zipi, akuganiza kuti zatha. Koma a Zatheka anakumbutsa bwalo kuti chigamulo chili ndi chidindo cha mfumu, ndipo chidindo sichibwerera. Mfumu, mwa chifundo chake komanso poona kuti nthawi ya chakudya yapitirira, inalola kuti agwe pa liwiro limene angakwanitse.

Anatsika pa njinga, naigoneka bwinobwino kuti isakalike. Kenako anagwada, nagona pa penti chakumanzere. Phula linali lotentha, koma majekete anathandiza. Ndalemba analemba kuti wagwa.

Mlembiyo sanachoke. Anali munthu wokhulupirika pa ntchito yake, ndiye ananjuta pafupi ndi mutu wa Tobiyasi n'kunena kuti pali vuto laling'ono. Kugwa kwa lero n'kwa munthu mmodzi, choncho si kwa Chauta. Pafunika dzina la amene wamugwetsa.

Tobiyasi anayang'ana pepala la chigamulo limene linali m'manja mwa mlembiyo.

"Bambo, dzina lili pansi pa kalata mwagwirayo. M'maso mwanga mwalowa thukuta, tandiwerengerani inuyo."

Ndalemba anayang'ana siginecha ndi chidindo cha mfumu, napinda pepalalo kanayi, nalilowetsa m'thumba lamkati. Mfumu inakhosomola n'kulengeza kuti nkhani imeneyi ndi yozama, iunikidwe ndi bungwe lapadera la nduna zisanu ndi ziwiri. Bungwelo likukumanabe mpaka pano, ku hotela ya kumapiri. Chaka chotsatira mpikisano unabwerera ku bwalo lamasewero, chifukwa madokotala anapeza kuti masitepe ndi mankhwala a mawondo.

Elifala anam'dzutsa Tobiyasi ndi dzanja lake labwino lija. Anabwerera kunyumba wapansi kudzera mumsika, iye akukankha njinga, Jesitina atasenza majekete pamutu. Miyendo inali italema ndi kukwera Gwiritsa katatu, ndipo nsapato za mpikisano si zoyendera pansi. Atafika pa mzere wa ogulitsa zipatso anaponda khoko la nthochi. Miyendo inapita kumwamba, njinga uko, iye pansi khu, kugwa kwenikweni kumene ufumu wonse unakudikira tsiku lonse.

Wogulitsa nthochi anauma pamene anaima. Wapolisi anali chapafupi, akusankha mapeyala.

Msika wonse unapeza chochita. Wa tomato anawerama kufuna chinthu pansi pa benchi, wa mabatire anakweza wailesi, ena anayang'ana kumwamba n'kuyamba kukambirana ngati mvula ibwere msanga chaka chino. Wapolisi uja anatembenuza peyala m'manja mwake, naliyang'anitsitsa ngati sanaonepo peyala.

Jesitina anaima pambali pa mwamuna wake, majekete ali pamutu, osawerama.

"Mukapuma mokwanira mundiuze, bambo a Lute," anatero mokweza kuti onse amve. "Munthu wotopa amakhala pansi paliponse."